Chipata, Mudzi wa pa Mpata wa Mapiri

M'nkhani zathu za midzi yaikulu ya m'maiko ano a pakati pa Afrika, lero tafika ku Chipata, likulu la Chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia. Akuluakulu ena akali kuutchula mudziwu ndi dzina lake lakale la Fort Jameson, ndipo ambiri a inu muli ndi mbale amene anabadwira kumeneko, kapena amene anadzerako popita ku nchito. Ndifuna kuti tione zinthu ziwiri: malo pamene mudziwu unamangidwa, ndi zimene zinachitika pamalopo. Ziwirizi sizilekana, pakuti munthu sangamvetse mbiri ya Chipata asanayang'ane mapiri ake ndi madzi ake.

Tiyambe ndi mapu, monga tichitira m'sukulu. Ikani chala pa Lusaka, ndipo muchiyendetse cha kum'mawa motsata mseu waukulu wotchedwa Great East Road. Mudzaoloka mtsinje wa Luangwa, mudzapyola maiko a Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete, ndipo mutayenda makilomita ngati 570 mudzafika pa Chipata. Mukapitirira makilomita oposa 20 pang'ono, mwafika pa Mwami, pamalire a Zambia ndi Malawi. Tsidya linalo ndi Mchinji, ndipo kuchokera ku Chipata kufika ku Lilongwe sakwana makilomita 150. Onani tsono: munthu wa ku Chipata akafuna kupita ku likulu la dziko lake ayenda mtunda pafupifupi kanayi kuposa wopita ku likulu la dziko loyandikana nalo. Cha kumwera nakonso malire a Mozambique sali kutali, ndipo pa Katete papatuka mseu wopita ku Tete.

Mudzi weniweniwo ukhala m'chigwa chozingidwa ndi mapiri, ndipo lina la mapiriwo ndi Kanjala, limene munthu angakwere nkuona nyumba zonse pansi pake. Njira zolowa ndi zotuluka zidzera m'mipata ya pakati pa mapiri. Ife olankhula Chinyanja sitifuna womasulira kuti atiuze tanthauzo la dzina lakuti Chipata, chifukwa chipata ndi khomo la mpanda kapena la linga, polowera ndi potulukira anthu.

Chinthu china chofunika ndi madzi. Malire a Zambia ndi Malawi m'dera limeneli atsata msana wa dziko pamene madzi a mvula agawikana. Mvula yogwa kum'mawa kwa msanawo itsikira mu Bua ndi kukalowa m'Nyanja ya Malawi. Yogwa kumadzulo itsikira m'mitsinje monga Lutembwe ndi Lupande, ndi kukalowa mu Luangwa. Koma madzi a m'nyanja atuluka ndi Shire kukathira mu Zambezi, ndipo Luangwa nayenso athira mu Zambezi momwemo, kotero kuti madzi amene analekana pa Mwami akakomananso kumunsi asanafike ku nyanja yamchere.

Chipata ali pamtunda wokwera mamita oposa 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere. Mvula iyamba mu Novembala ndi kuleka cha mu Epulo, ndipo igwa mamilimita ngati 1,000 pachaka, yokwanira chimanga, mtedza, thonje ndi fodya. Mukatsika cha kumpoto chakumadzulo kulowa m'chigwa cha Luangwa, mufika m'dziko lotsika, lotentha kwambiri, lokhala ndi nyama zam'thengo ndi kashembe, ntchentche ija yopha ng'ombe. Pamtunda pa Chipata ng'ombe zikhala bwino ndi kuswana. Mukumbukire mau amenewa, pakuti ng'ombe ndi nthaka yabwino ndizo zinaitana alendo onse amene tidzawatchula.

Eni dziko akale anali Achewa, ndipo kumadzulo kwao kunali Ansenga, ndi Akunda m'chigwa cha Luangwa. Mafumu a Achewa a dera lino anali ochokera mu ufumu wa Maravi. Undi anali ndi likulu lake ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique, ndipo Mkanda analamulira dziko la pakati pa Chipata ndi Mchinji. Malire a lero kunalibe. Amalonda a minyanga ndi nsalu ankachokera ku Tete ndi ku Zumbo pa Zambezi, nadzera m'midzi ya Achewa. Mpwitikizi Lacerda anadzera dziko la Amaravi mu 1798 pa ulendo wake wopita kwa Kazembe, ndipo Monteiro ndi Gamitto anatsata njira ya komweko mu 1831. Chotero ngakhale kale lomwe dziko limeneli linali njira ya anthu apaulendo.

Alendo oyamba amene anadza kudzakhala, osangopitirira, anali Angoni. Iwo anachoka kumwera pa nkhondo za m'masiku a Shaka, motsogozedwa ndi Zwangendaba, naoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Anayenda mpaka ku dziko la Afipa, kum'mawa kwa Nyanja ya Tanganyika, kumene Zwangendaba anafera cha m'ma 1848. Atamwalira iye ana ake anagawikana. Mmbelwa anakakhala kumpoto kwa Malawi, ndipo Mpezeni anabwerera cha kumwera, naoloka Luangwa, nakhala pakati pa Ansenga. Cha m'ma 1870 anali atafika m'mapiri a kufupi ndi Chipata, ndipo pambuyo pake anagonjetsa Mkanda. Achewa ena anathawa, ena anamanga malinga, ena analowa m'midzi ya Angoni nakhala anthu a Mpezeni. Angoni anakwatira akazi ambiri a Chinsenga, ndipo ana analankhula chinenero cha amai ao. Ndicho chifukwa chake Mngoni wa kwa Mpezeni lero alankhula Chinsenga kapena Chinyanja, ndipo Chingoni chakale chatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mau otamanda mafumu.

Mpezeni anakhala mwini chipatacho zaka zosakwana makumi atatu. Mu 1885 kunafika Mjeremani wamalonda, Carl Wiese, wochokera ku Tete, amene anapalana ubwenzi ndi mfumu, nalandira kalata yomlola kufuna miyala ya mtengo wapatali m'dzikomo. Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana za malire ao, ndipo dziko la Mpezeni linagwera mbali ya Angelezi, mwini wake osafunsidwa. Ku Ulaya kunamveka mbiri yakuti kwa Mpezeni kuli golide wambiri. Kalata ya Wiese ija inagulidwa, ndipo mu 1895 kunapangidwa kampani yotchedwa North Charterland Exploration Company, imene British South Africa Company ya Cecil Rhodes inaipatsa dziko lalikulu masikweya mailosi 10,000. M'kati mwa dzikolo munali midzi, minda ndi makola a anthu zikwizikwi.

Azungu a kampaniyo anamanga linga lao, Fort Young, pafupi ndi mudzi wa mfumu ku Luangeni. Mpezeni anali atakalamba, ndipo sanafune kufulumira kuchita nkhondo. Koma mwana wake Nsingo ndi anyamata a m'magulu a nkhondo anaona kuti alendowo sanadze kudzachoka. Kumapeto kwa 1897 Angoni anazinga lingalo. Mu Januwale 1898 kunafika asilikari ochokera ku Nyasaland, amene masiku amenewo ankatchedwa British Central Africa, ali ndi mizinga ndi mfuti za Maxim zolavula zipolopolo zambiri nthawi imodzi. Angoni anali ndi nthungo ndi zishango, ndi mfuti zakale zowerengeka. Nkhondo inatha m'masabata ochepa. Midzi inatenthedwa, Nsingo anagwidwa naomberedwa mu Febuluwale 1898, ndipo Mpezeni anatengedwa kukasungidwa ku Fort Manning, ndiye Mchinji wa lero. Anambwezera kwao patapita chaka, namwalira mu 1900. Ng'ombe zoposa 10,000 zinalandidwa. Golide uja sanapezeke wochuluka monga anthu ananenera. Chuma chenicheni chimene opambanawo anachipeza chinali ng'ombe ndi nthaka.

Pamenepo ndipo mudzi wathu unabadwa. Boma linamangidwa m'chigwa cha pakati pa mapiri, nalitcha Fort Jameson, kutengera dzina la Dokotala Leander Starr Jameson, bwenzi la Rhodes, amene anatchuka ndi nkhondo yake yolephera ya ku Transvaal kumapeto kwa 1895. Mu 1899 Robert Codrington, amene ankayang'anira dziko la kampani ali ku Blantyre, anasamutsira maofesi ake ku Fort Jameson. Kuyambira 1900 kufikira 1911 mudziwu unali likulu la dziko lotchedwa North-Eastern Rhodesia, limene linafika mpaka ku Nyanja za Tanganyika, Mweru ndi Bangweulu. Malamulo opita ku Kasama, ku Abercorn, ndiye Mbala wa lero, ndi ku Fort Rosebery, ndiye Mansa wa lero, ankalembedwa pa Fort Jameson, nanyamulidwa ndi amtengatenga oyenda pansi masabata ambiri.

Mungafunse kuti likulu linaikidwa bwanji pa ngodya ya dziko, kutali ndi pakati pake. Yankho liri pa mapu aja. Masiku amenewo katundu ndi makalata ochokera ku Ulaya ankalowa pa Chinde, pamathiriro a Zambezi, nakwera ndi sitima za pamadzi kufika ku Tete kapena m'Shire kufika kufupi ndi Blantyre, ndipo kuchokera kumeneko ankasenzedwa pamutu. Khomo la dziko linali kum'mawa, ndipo Fort Jameson anali pakhomo penipeni.

Pa khomo lomwelo panalowanso ena. Mu 1899 amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State anayamba nchito pa Magwero, pafupi ndi malire, ndipo mu 1903 anatsegula Madzimoyo. Magwero anadziwika pambuyo pake ndi sukulu zake za akhungu ndi za osamva. Mu 1903 momwemo Ansembe Oyera a Katolika anamanga Kachebere pamalire penipeni, mbali ya Nyasaland. A Anglican anayamba Msoro cha m'ma 1910 ndi wansembe Leonard Kamungu, Mnyanja wa ku nyanja, amene anafera komweko mu 1913. Cha m'ma 1905 kunafika Amwenye amalonda a ku Gujarat, ambiri a iwo Asilamu, odzera ku Nyasaland. Masitolo ao a kumunsi kwa mudzi, kumene anthu akutcha ku Down Shops, ndi misikiti yao, ziri mbali ya nkhope ya Chipata kufikira lero.

Koma ulemerero wa likulu sunakhalitse. Njanji yochokera kumwera inaoloka Zambezi pa Victoria Falls mu 1905, nifika ku Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, mu 1906. Khomo la dziko linasamukira kumene kunali njanji. Mu 1911 North-Eastern Rhodesia ndi North-Western Rhodesia anaphatikizidwa kukhala Northern Rhodesia, likulu lake ku Livingstone, ndipo mu 1935 likulu linapita ku Lusaka. Fort Jameson anatsala boma la chigawo, kuseri kwa chigwa cha Luangwa ndi mapiri ake ovuta. Mseu wa galimoto wopita ku Lusaka unatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo mlatho woyamba pa Luangwa unamangidwa m'zaka za m'ma 1930, koma m'dzinja ulendowo unali wa masiku. Mlatho waukulu wopachikika pa zingwe zachitsulo unatha mu 1968.

M'zaka zimenezo chuma cha Azungu a pa Fort Jameson chinali fodya wa Virginia, wochiza ndi moto m'zigafa. Mitengo yake inakwera kwambiri mu 1927, ndipo alimi atsopano anathamangira kumeneko. Chaka chotsatira misika ya ku England inadzala, mitengo inagwa, ndipo ambiri anasiya minda yao. Fodyayo sankapita ku Lusaka ai, koma ankatuluka cha kum'mawa, kudzera ku Nyasaland kumene kunali njanji ya ku Beira.

Tsono tinene za eni dziko, chifukwa apa ndipo pali mtima wa nkhani. Msonkho wa nyumba, masheleni atatu pachaka, unayamba m'zaka zoyamba za ulamuliro wa kampani. Munthu amene ng'ombe zake zinalandidwa analibe chogulitsa kuti apeze masheleniwo, koma mphamvu za manja ake. Chotero amuna anayamba ulendo wapansi wopita ku migodi ndi ku mapulazi a Southern Rhodesia, kumene ankati ku Walale, naoloka Zambezi pa Feira kapena pa Tete. Ena anabwera ndi njinga ndi makina osokera; ena sanabwere konse, nasanduka machona. Ndiponso dziko la North Charterland lija linafuna malo a mapulazi, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anthu anasunthidwira m'malo opatulidwa otchedwa marizevu. Malowo anachepa. Anthu anapanikizana, minda inalimidwa chaka ndi chaka osagonera, mitengo inatha, ndipo mvula inakokolola nthaka, pamene pafupi pomwepo panali dziko lalikulu la kampani logona lopanda wolima. Vutoli litakula, Boma linagula dziko lotsala la kampaniyo mu 1941, niliyamba kukhazikamo anthu m'midzi yatsopano. Ndiye kuti panapita zaka zoposa makumi anai chithere nkhondo ya 1898 anthu asanayambe kubwerera pa nthaka imene makolo ao analima.

Kutuluka kwa anthu kumeneku kunabala chipatso chimene palibe anachiyembekeza. Amuna a Kum'mawa ndi a ku Nyasaland anachuluka m'gulu la apolisi ndi la asilikari, ndiponso m'nchito za ku Lusaka, kotero kuti Chinyanja chinasanduka chinenero cha m'misika ndi m'miseu ya likulu la Zambia. Ndipo mwa ana obadwira ku nchito mmodzi anali Rupiah Banda, amene anabadwa mu 1937 ku Gwanda, m'Southern Rhodesia, kwa makolo amene anapitako kukafuna nchito. Iye anakhala ndi munda wake ku Chipata, nakhala Pulezidenti wa Zambia kuyambira 2008 kufikira 2011.

Kuyambira 1953 kufikira 1963 Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anali m'chitaganya chimodzi, chimene Aafrika ambiri anachikana. Chitatha, Malawi analandira ufulu pa 6 Julaye 1964, ndi Zambia pa 24 Okutobala chaka chomwecho. Msana uja wogawa madzi unasanduka malire a maiko awiri odzilamulira, okhala ndi ziphaso ndi a kasitomu. Pasanathe zaka zisanu dzina la Jameson linachotsedwa, ndipo mudzi unatchedwa Chipata. Mu Febuluwale 2017 unakwezedwa kukhala mzinda, wachisanu m'Zambia pambuyo pa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone.

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mwambo wa Nc'wala, wolawa zipatso zoyamba za m'munda, unaleka Angoni atagonjetsedwa mu 1898, koma unadzutsidwanso mu 1980. Chaka ndi chaka, kumapeto kwa Febuluwale, Angoni asonkhana pa Mtenguleni, kumadzulo kwa Chipata, atavala zikopa ndi nthenga. Ng'ombe yamphongo yakuda iphedwa ndi nthungo, ndipo Inkosi ya Makosi Mpezeni alawa. Abale ao a ku Mchinji, ku Mzimba ndi ku Ntcheu amabwera kudzavina nao. Kumapeto kwa Ogasiti Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique apita ku Mkaika, m'dziko la Katete, ku mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Pa masiku awiri amenewa munthu aona ndi maso kuti malire anagawa maboma, koma mitundu ya anthu ikali imodzi.

Malonda nawonso akumbukira njira yao yakale ya kum'mawa. Njanji ya m'Malawi inafika ku Mchinji mu 1980, ndipo kachigawo kakafupi kotsala kufika ku Chipata kanadikira zaka makumi atatu, nikatsegulidwa mu Ogasiti 2010. Cholinga chake ndi chakuti katundu wa Kum'mawa atulukire pa doko la Nacala m'Mozambique, limene liri pafupi kuposa madoko a kumwera, ngakhale sitima sizinayende kawirikawiri monga anthu anayembekezera. Mu Disembala 2022 Mapulezidenti Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula nyumba ya pamalire a Mwami ndi Mchinji, yakuti wapaulendo aime kamodzi kokha m'malo mwa kawiri. Cha kumpoto chakumadzulo kuli mseu wa ku Mfuwe, wa makilomita ngati 130, umene alendo a maiko akutali atsata popita ku nkhalango ya South Luangwa, imene inakhala paki ya dziko mu 1972. Chigwa chija chimene kashembe anachiletsa ng'ombe chasanduka chuma cha mtundu wina chifukwa cha njobvu, akambuku ndi mvuu zake.

Lero mlendo wofika pa Chipata aona magalimoto a chimanga, thonje, soya, mpendadzuwa ndi mtedza wa Chalimbana, aona misika ya ku Kapata yodzala, ndi njinga zosawerengeka zonyamula anthu, makala ndi mbuzi. Pafupi ndi mudzi pali Msekera, malo a Boma oyeserapo mbeu zatsopano. Koma aonanso mapiri amene mitengo yake ikutha ndi nkhwangwa za ootcha makala, nyumba zikukwera m'mbali mwa mapiriwo, ndi mabasi a ku Lusaka odzala anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu amene apita kukafuna nchito, monga agogo ao anapitira ku Walale.

Tsono tibwerere ku dzina lija. Pa chipata chimenechi panalowa Mpezeni ndi ng'ombe zake, panalowa kampani ndi mfuti zake, panalowa mmishoni ndi buku, ndi Mmwenye ndi nsalu. Panatuluka minyanga, ng'ombe zolandidwa, fodya, ndi amuna zikwizikwi. Mudzi unakula pamene njira ya dziko inadzera pakhomo pake, nuzirala pamene njirayo inasamukira kwina. Anthu a Kum'mawa anataya nthaka yao kamodzi chifukwa cha kalata imene ena analemba ndi kugulitsana kutali, ndipo kuibweza kunatenga moyo wa mbadwo wathunthu. Nthaka imeneyo angaitayenso popanda nkhondo, ngati mapiri ametedwa ndipo mvula ikokolola minda. Inu aphunzitsi amene mukumvera, mawa tengani ana anu mukwere nao phiri liri lonse la pafupi ndi sukulu, muwasonyeze kumene madzi a kwanu atsikira, ndi kuwafunsa kuti anthu a kwanu analowera kuti ndipo atulukira kuti. Ndiyo njira yabwino yoyambira phunziro la mbiri.